Sikipa Yanga M'kati mwa Jekete la Agogo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene amayi anadula sikipa yanga yatsopano ndi sizasi, ine ndikuona. Inali yoyera, yoluka ndi ulusi wa thonje, ndipo ndinkaisungira tsiku la Idi.

Nkhani inayambira pa jekete la agogo, bambo awo a amayi, lomwe ankavinira Beni ku Lungwena. Atamwalira, abale analipereka ku kanyumba kosungiramo zinthu zakale m'tauni ya Mangochi. Tsiku lina titapita kukaliona, tinalipeza pa hang'ala ya waya, mapewa atayamba kung'ambika ndi kulemera kwa mabatani ndi mamendulo. Amayi analiyang'anitsitsa. Chinthu cha bambo awo chomwe chinatsala chinali chokhacho.

A Saidi, omwe ankayang'anira malowo, anati jeketelo linkafunika chidole chofewa choti chilivale: thonje m'kati, kunja nsalu yoluka yotanuka, yoyera kuti utoto usathimbiritse chovalacho. Nsalu yotero analibe, ndipo anali atatopa nako kupempha. Amayi anali telala. Anangondiyang'ana, ine n'kudziwiratu kuti zanga zada.

Kunyumba sikipayo anaichapa bwinobwino, n'kuiyanika, n'kuidula. Ndinalira mpaka mutu kuwawa. Anasoka thupi lopanda mutu, kulidzaza thonje, n'kulikuta ndi sikipa yanga. Nsaluyo inatanuka n'kugwira paliponse, popanda khwinya lokanda. Koma titakayesa kwa a Saidi, jekete linakana kutsekeka pachifuwa. Kunkatentha, njala itandigwira, ndiye ndinatambasula dzanja.

"Tingolikoka pang'ono, amayi, litsekeka."

Anandimenya padzanjapo. "Iwe Asiyatu, chakale sichikokedwa. Chatsopano ndicho chimagonja."

Anakhala pansi pa simenti, kumasula msoko, kuchotsako thonje, kusokanso, kuyesanso. Anabwereza kangapo, thukuta lili kamukamu, mpaka jekete linatsekeka lokha osakakamiza. Pa Idi ndinavala diresi langa lakale, ndipo ndinawasungira mkwiyo nthawi yaitali.

Lero amayi akukhala kwanga. Makina osokera anawasiya kalekale, ndipo mutu wawo wayamba kutaya zinthu. Amafunsa ngati bambo awo abwerako kunyanja. Ine amanditcha Patuma, mng'ono wawo yemwe anamwalira ndisanabadwe. Poyamba ndinkawauza zoona, iwo n'kuyamba kulira ngati uthenga wa maliro wangofika kumene, chakudya n'kukana tsiku lonse.

Ndatopa, sindingabise. Ndimawasambitsa, kuwadyetsa, kuyankha funso limodzimodzi mpaka lilime kulema, ndipo masiku ena ndimalakalaka atangonditchula dzina langa kamodzi. Koma ndazindikira kuti pa awirife, amene angathe kugonja osang'ambika ndine. Akaitana kuchipinda kuti "Patuma!", ndimapukuta m'manja n'kuyankha kuti, "Wee, achemwali, ndikubwera."