Chipinda cha m'denga chimene chinathawitsa apongozi anga

Inu owerenga, ine ndine munthu wofunsafunsa. Pamsika amandidziwa, moti wogulitsa tomato akandiona amayamba kufotokoza chifukwa chake mulu wake ukudula ndisanatsegule n'kukamwa komwe. Koma tsiku limene ndinayenera kufunsa mpaka pamapeto, ndinafunsa theka, theka linalo n'kudziyankha ndekha. Zotsatira zake, apongozi anga aamuna anachoka pakhomo pathu akudwala, ndipo lero akuyendera ndodo. Ndikuuzeni mmene zinayendera, mwina wina wa inu wasokonezeka ndi mitengo ya amisiri ngati mmene ndinasokonezekera ine.

Kwathu ndi ku Ntchisi, koma ndinakwatiwa kuno ku Mzimba. Ndine telala. Amuna anga amagwira ntchito ku Joni, ndiye zapakhomo zonse zimayang'ana ine. Nyumba yathu ili pa boma pompano, pa puloti yaing'ono yoti ukamanga chingwe choyanikira zovala chimakathera pa mpanda wa aneba. Denga lokha ndilo lalitali, chifukwa amuna anga anatengera pulani ya nyumba ina imene anaisirira kumeneko.

Apongozi angawo timawatchula kuti adada. Kwawo ndi kumudzi cha ku Champhira. Ali ndi matenda a shuga, ndipo anatuluka bala kuphazi lofunika kutsukidwa kuchipatala pafupipafupi, choncho tinawatenga kuti azikhala nafe. Ndinawapatsa chipinda chimene ndinkasokeramo, poti ndicho chimalowa dzuwa, makina anga n'kuwatulutsira pakhonde. Amene mukuidziwa mphepo ya ku Mzimba mundimvetsa. Nsalu za anthu zinkada ndi fumbi zisanasokedwe, ndipo amayi ofuna kuyesa diresi ankachita kukabisala m'bafa.

Tsiku lina kunabwera munthu wokonza mawaya a magetsi. Analowa m'denga kudzera pa kabowo ka siling'i, ndipo ndinamumva akuyenda choimirira. Chidwi chinandigwira, nanenso ndinakwera makwerero n'kusuzumira. Abale, malo onse aja akungogonamo makoswe osalipira lendi, ine mwini nyumba ndikuzizidwa pakhonde! Ndinatsika nditatsimikiza kuti mmenemo mukhala chipinda changa chosokera.

Ndinaitana amisiri atatu, aliyense tsiku lake. Woyamba anali mnyamata wa changu. Sanakwere n'komwe, anangoima panja n'kuyang'ana denga ataphimba maso ndi dzanja, basi n'kutchula mtengo. Unali wotsika moti ndinamufunsa kawiri. Nditamupanikiza ndi mafunso zinadziwika kuti imeneyo inali ndalama ya manja ake okha, matabwa ndi misomali ndigule ndekha. Komanso iye ankaganiza zongoyala matabwa pamwamba pa timitengo ta siling'i, ngati posungira matumba opanda kanthu. Ndinamuthokoza, n'kumuperekeza mpaka pageti.

Wachiwiri anali a Phiri, a ku Kasungu, munthu amene tinamvana Chichewa msanga. Iwo anakwera, anayeza ndi tepi, n'kundifotokozera kuti timitengo ta siling'i sitingasenze munthu ndi makina. Pafunika mitanda yokhuthala yokhazikika pakhoma, windo kukhoma la kumapeto, ndi masitepe okwerera m'kati. Anasankha pamwamba pa chipinda cha adada chifukwa ndi pamene denga linatalika kwambiri, ndipo makoma ake ndi oyandikana. Mtengo wawo unaposa wa mnyamata uja kutalitali, koma chilichonse chinali ndi chifukwa chake chomveka, ndipo mtima wanga unakhala m'malo.

Wachitatu anali a Chavula, mmisiri wotchuka amene wamanga nyumba zambiri za anthu a ku Joni. Ndi munthu wodzimva, wobwera pa njinga yamoto atavala jekete ngati akupita ku ukwati. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti sanathamangire kukwera. Anayamba akhala pansi pakhonde n'kucheza ndi adada m'Chitumbuka, za ng'ombe, za mvula, za anthu amene anamwalira kalekale. Ine ndikungoyang'ana dzuwa.

Atamaliza anandifunsa kuti adada amagona chipinda chiti. Ndinawalozera. Anafunsanso kuti kumwambako kuzikwera ndani. Ndinati ine ndi makasitomala anga. Anafunsa ngati ali azimayi, ndinavomera. Pamenepo anazungulira nyumba n'kukaima mbali ina, ya kukhitchini ndi kachipinda kosungira katundu, kumene denga ndi lotsika. Anati chipindacho chikhale kumeneko: tizule malata, tikweze khoma, masitepe akhale panja. Mtengo umene anatchula unatsala pang'ono kuwirikiza kawiri wa a Phiri.

Ndinafunsa chifukwa chake, monga mwa khalidwe langa. Anandiwerengera njerwa, simenti, malata ena atsopano, ndi matabwa a paini ochokera cha ku Luwawa, ouma bwino ndi opaka mankhwala a chiswe, osati aawisi amene amapindika chaka chisanathe. Zonsezo ndinazimva. Koma ndinafunsanso: chifukwa chiyani tisiye mbali imene denga ndi lalitali kale, n'kukavutika ndi mbali yotsika?

"Mbali yaitaliyo siyikwereka, mama," anatero a Chavula, maso akuponya kukhonde kumene kunali adada.

Ndinapita kukamenya khomalo ndi chibakera kuti amve kulimba kwake.

"Khoma lili bwino chomene," anatero akusakaniza ndi Chitumbuka. "Kweni siyikwereka, mbwenu. Ndapota, mukafunse alamu anu."

Alamu amene ankanenawo ndi NyaShaba, mchemwali wa amuna anga, amene amakhala kumudzi komweko. Inu owerenga, apa ndi pamene ndinaphonya. M'malo mofunsa, ndinadziuza kuti bamboyu waona firiji ndi mipando ya ku Joni, ndiye akufuna kundidyera masuku pamutu poti ndine mlendo. Ndinafika poganiza kuti mwina ndi achibale ndi alamu angawo, paja kuno ukafufuza bwino aliyense ndi msuweni wa mnzake. Ndinaimbira amuna anga n'kuwauza mitengo itatu ija, koma za mbali ya nyumba sindinatchule chifukwa sindinaone kuti ndi nkhani. Iwo anangoti nditenge wapakatiyo.

Bala la adada linali litatsala pang'ono kupola, ndipo anapita kumudzi masabata angapo kukaona fodya wawo akumangidwa mabelo. A Phiri anagwira ntchito nthawi imeneyo. Ndinene pano kuti ndilibe nawo chifukwa. Anamanga chimene ndinawatuma, ndipo anamanga bwino. Chipinda chinatuluka chokongola, chonunkhira matabwa, pawindo ukuona mapiri. Aneba ankabwera kudzakwera masitepe chabe.

Adada atabwerako ndinawaonetsa monyadira. Anayang'ana masitepe, analowa m'chipinda chawo, anayang'ana kumwamba nthawi yaitali. Kenako anangoti, "Yewo, mama." Ine ndinatenga ngati andiyamikira.

M'mawa mwake nditangokwera n'kuyamba kupalasa makina, adada anatenga mpando wawo n'kukakhala kuseri kwa nyumba. Munali mu Juni, kukuzizira koti ngakhale galu safuna kutuluka. Ndinaganiza kuti ndi phokoso, ndiye ndinathira mafuta m'makina n'kuika zidutswa za tayala pansi pa miyendo yake. Anatulukabe. Ndinaganiza kuti mwina fumbi likuwagwera, ndinamata mipata yonse ya matabwa. Anatulukabe. Ndikawafunsa ankangoti panja pali bwino.

Kenako ndinati ndazindikira: akuopa kuti chipinda chiwagwera. Ndinaitana a Phiri ndi anzawo awiri kuti akwere n'kudumphadumpha, adada aone kulimba kwake. Azibambo atatu ndi ndevu zawo anadumpha ngati ana a sukulu, ine ndikuombera m'manja, nanenso n'kudumphako pang'ono. Ndikakumbukira zimenezi ndimafuna kulowa pansi.

Sabata yotsatira ndinalandira ntchito ya ukwati. Atsikana operekeza mkwati anadzaza kumwamba kuja, akuseka, akuvula ndi kuvala poyesa madiresi, akuyendayenda kuti aone ngati akukhala bwino. Tsiku limenelo adada sanadye kwenikweni, ndipo anagona pampando pabalaza, ati bedi likuwapweteka msana. Patapita masiku awiri anati ng'ombe yawo ina ikudwala, akaione. Ananyamula kachikwama kakang'ono, bulangete lawo n'kulisiya.

Tsiku lawo la kuchipatala linafika, osabwera. Ndikaimba foni ankati akubwera. Linafikanso lina, chimodzimodzi. Ine mutu unaima. Ndinafufuza zonse, kaya ndi ndiwo zanga, kaya ana anga anawayankha mwano, kaya pali mawu amene ndinalakwitsa m'Chitumbuka changa chothyokathyoka. Kumwamba kokha ndiko sindinakuganizire, chonsecho ndinali nditakhala komweko poganizapo.

Amene anadzanditsegula maso ndi NyaShaba. Anabwera kudzandiuza kuti phazi la adada latupa, koma akukana kubwera ku boma. Anakwera masitepe aja mpaka pakati, anasuzumira, n'kutsika osafika pamwamba. Anakhala pansi n'kundiyang'ana.

"Mlamu, makina anuwa mumapalasa ndi chiyani?"

Ndinati ndi mapazi.

"Nanga pansi pa mapazi anuwo pali mutu wa ndani?"

Inu owerenga, sikuti mwambo wa kuno sindinkaudziwa. Mkamwana saima chilili pafupi ndi apongozi ake aamuna atakhala pansi. Ndinkagwada patali powapatsa madzi, ndinkavala chitenje nthawi zonse akakhalapo, ndipo anthu ankandiyamikira kuti Mchewa ameneyu analeredwa. Koma munthu yemweyo ndinkatha tsiku lonse ndikupalasa miyendo pamwamba pa bedi lawo, n'kumaitanira ana aakazi a eni kudzavulira pomwepo. Ndinkaona ngati matabwa atseka nkhani. Kwa adada, matabwa aja sanatseke kanthu.

Ndinafunsa alamu anga kuti bwanji nonsenu osandiuza. Anandiyankha kuti andiuze ndani? Adada sangatsegule pakamwa kukamba za miyendo ya mkazi wa mwana wawo, bola kuzizidwa panja. A Chavula sakanatchula zimenezo mwini wake ali pakhonde pomwepo akumva. A Phiri ndi mlendo mnzanga, anayeza denga basi. Amuna anga sindinawauze mbali. Ndipo NyaShaba mwiniyo, amene ndinauzidwa kuti ndikamufunse, sindinamufunse.

Pamene abale anakwanitsa kuwanyengerera adada kuti abwere kuchipatala, bala linali litalowa m'kati chifukwa choyenda kukhola ndi kumangidwa ndi nsanza. Anawadula zala ziwiri za kuphazi. Ndinapita kuwodi ndi NyaShaba, ndinagwada pansi pa simenti, alamu anga n'kundilankhulira. Adada anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anati, "Palije mlandu, mama. Nyumba njinu." Kutanthauza kuti palibe mlandu, nyumba ndi yanga. Kunena zoona, bola akanandikalipira. Ndinalira njira yonse yobwerera kunyumba.

Ndinaitananso a Chavula kuti adzachotse masitepe ndi kutseka kumwamba kuja adada asanatuluke m'chipatala. Sanandinyoze, koma sanabisenso kuti zawakomera kuti ndabwerera kwa iwo. Poti ndine wofunsafunsa, ndinawapempha kuti tsopano andiuze zoona za mtengo wawo uja. Anaseka n'kuvomera kuti kangachepe anaonjezerapo ataona kuti pakhomo pali wa ku Joni, ati amisiri ambiri amatero ndipo ndikanawanenerera akanatsitsa. Koma gawo lalikulu linali losamutsira chipinda kuchoka pamutu pa adada. Ndiye kukayikira kwanga sikunali kopanda pake konse, kungoti ndinagwira kachinthu kakang'ono n'kutaya chachikulu.

Kuchokera nthawi imeneyo ndakhala ndikucheza ndi amisiri amene amabweretsa maovolosi awo kuti ndiwasokere. Chimene ndapeza n'chakuti ukaitana amisiri atatu pa ntchito imodzi, kawirikawiri sakutchula mtengo wa chinthu chimodzi. Wina akuwerengera manja ake okha. Wina waphatikiza matabwa, koma sanakuuze ngati ndi ouma kapena aawisi. Wina waona chinthu m'nyumba mwako chimene iwe mwini wake sukuchiona, ndipo mwina sangathe kuchitchula poyera. Ine ndalama zomangira ndi zogumulira zitaphatikizana zinafika pafupi ndi mtengo wa a Chavula uja, chipinda ndilibe, ndipo pano ndikusokera pakhonde la sitolo ya munthu kumsika.

Choncho inu owerenga, mmisiri akakutchulirani mtengo wokwera, musathamangire kunena kuti ndi wakuba, ndipo wotsika musamuthamangire kumutcha m'bale. Mufunseni aliyense kuti mu mtengo wakewo muli chiyani ndipo mulibe chiyani. Akakuyankhani mozungulira, mutengereni pambali pamene palibe akuluakulu, mufunsenso. Makamaka inu amene munakwatiwa kapena kukwatira kutali ndi kwanu, musanakhome msomali m'nyumba imene mukukhala ndi makolo a mnzanu, funsani mwana wa pakhomopo. Funso limodzi kwa NyaShaba silikanandidyera ngakhale tambala.

Adada anabwerera, ndipo akugona m'chipinda chawo chomwe chija. Sitinakambenso za nkhaniyi, ndipo ndikudziwa kuti sitidzaikamba. Koma mpaka lero akafika pakhomo la chipindacho amaima kaye atatsamira ndodo, n'kuyang'ana kumwamba, kumvetsera. Ine ndikawaona atero, ndimayenda chokoka masilipasi pa simenti, mwadala, kuti amve kuti mapazi anga ali pansi.