Kona Yomwe Inagwetsa Atuweni

Masana ena Fyness atabwera ku shifiti anapeza mwana wake ali chafufumimba pabalaza, maso atatseka, mutu ukugwedera, mapewa akudumphadumpha. Jumbo ya zogula inamupulumuka. Ntchito yake ndi yosamalira nkhalamba pa nyumba ina ku Braunstone, ndipo amadziwa chochita munthu akagwa khunyu. Anakankha tebulo, anagubuduzira mwanayo cham'mbali, n'kuyamba kuitana Mulungu ndi mayina ake onse.

"Mami, mwandigwetsa pa kona," anatero Atuweni uku akuseka. "Ndimatreyinatu ine."

Analankhula m'Chingerezi monga mwa masiku onse, poti Chichewa chake n'cha m'makutu mokha.

Fyness ndi mayi wa ku Zomba, wamfupi koma wa mawu otha kudzutsa msewu wonse. Anabwera ku Leicester Atuweni asanabadwe, ndipo pa zinthu zonse za dziko lino, chimene sanagwirizane nacho mpaka lero ndi ayezi. Kukazizira, madzi n'kuundana m'misewu, iye amayenda ngati bilimankhwe kupita pokwerera basi. Musamuseke. Waona chiuno cha munthu chitathyoka chifukwa choterereka pakhomo penipeni, waonanso zimene zimatsala munthu akamenyetsa mutu. Ndiye taganizani kuti mayi ameneyu ndi amene Mulungu anamupatsa mwana wochita masewera a pa ayezi otchedwa sikeletoni.

Zinayambira ku Loughborough, komwe Atuweni ankaphunzira komanso kuthamanga. Kunabwera anthu ofuna atsikana a liwiro, ndipo anamusankha. Masewerawo ndi otere: munthu amathamanga pa ayezi akukankha kachilei kachitsulo, kenako amadziponyapo chafufumimba, mutu kutsogolo, chibwano chitatsala pang'ono kukhudza pansi. Amatsetsereka mumpita wokhotakhota pa liwiro loposa la galimoto za pa msewu waukulu wa M1, ndipo mabuleki palibe. Chiwongolero ndi mapewa, mawondo ndi zala zakumapazi. A Boyd, bambo ake a Atuweni, omwe amagwira ntchito m'nyumba zosungira katundu ku Corby, ankangoti mwana wawo amakwera thireyi. Fyness sankaseka nawo. Ankati walira mvula walira matope: unabweretsa banja kuno kuti ana apeze mwayi, mwayi wake ndi umenewu.

Ku England kulibe mpita wa ayezi woterowo. M'chilimwe Atuweni ankanyamula zitsulo, kulimbitsa khosi, ndi kukankha chilei cha matayala. Chisanu chikayamba ankapita ku kampu ku Norway, komwe ankadzuka m'mawa kukayenda mumpitamo wapansi, kuloweza kona iliyonse, masana n'kumapukuta zitsulo za chilei mpaka zala kutupa. Patsiku ankatsetsereka kawiri kapena katatu basi, chifukwa mutu sungapirire kuposa apo. Zotsalazo ankatsetsereka m'maganizo, atagona pansi maso atatseka, thupi likukhota ngati lilidi pa ayezi. Imeneyo ndiyo khunyu imene Fyness anaipeza pabalaza.

Chakumapeto kwa 2018 Atuweni anabwera kunyumba kuchokera ku kampu phewa lili bii, chipewa chake cholimba chitang'aluka. Kona ina yaikulu inamukweza m'mwamba n'kumumenyetsa pansi. Adokotala anati mutu uli bwino, apume masabata angapo, kenako abwerere ku mpikisano wosankhira timu. Akapanda kupita, malo ake apatsidwa kwa wina, ndipo nkhani ya sikeletoni ithera pomwepo.

"Sindikudziwa ngati ndibwerereko," anatero pa chakudya, maso ali m'mbale.

A Boyd anadikira kuti mwanayo akwere kuchipinda. "Mayi a Atu, mwanayu amamvera inu. Mukangoti asiye, asiya."

Fyness anali atapempherera mawu amenewa kwa zaka ziwiri. Anali atawaika m'manja mwa amayi a ku tchalitchi, atawasalira kudya. Tsopano anali pakamwa pake, ongofunika kuwatulutsa, ndipo mwana wake akanakalamba ndi mutu wathunthu. Anaganiza zowanena Loweruka, tsiku lomwe sapita ku ntchito.

Loweruka lija anatuluka kukhitchini mawu ali okonzeka, n'kupeza Atuweni wagonanso pabalaza. Ulendo uno sanamugubuduze. Anaima pakhomo n'kumaonerera, ndipo aka kanali koyamba kuona bwinobwino. Phewa lamanja linatsika pang'ono, mutu unapendekeka, chala chakuphazi chinagunda pansi, mpweya ukulowa ndi kutuluka mwa muyezo. Phiri lonse la ku Norway linali m'thupi la mwanayu, pakati pa sofa ndi wailesi yakanema. Kenako thupi lija linangouma gwa, mpweya unaima, ndipo Atuweni anadzuka n'kukhala tsonga. Atayambiranso, anaumanso pamalo omwewo.

Kuuma kumeneko Fyness amakudziwa. Nkhalamba ikagwa m'khonde, ngakhale fupa lipole, ikafika pamalo pomwe inagwerapo miyendo imakana. Ukaisiya, mawa imakana kutuluka m'chipinda, mkuja imakana kudzuka pabedi, ndipo mantha aja amaidya mpaka kuimaliza. Zikatero Fyness salalikira. Amaika dzanja pamsana pa munthuyo n'kudutsa naye pamalopo.

Dzanjalo linapita lokha, mtima usanavomere. Anagwada pambali pa mwana wake, mawondo akulira, n'kuliika pakati pa mapewa.

"Gona. Yambiranso. Ukafika pamene paja undiuze."

"Mami, inu simufuna n'komwe kuti ndipite."

"Sindifunadi. Ndikuopa, mwanawe, ndikuopa zedi. Koma sindinabereke mwana woti azikhala moyo wake wonse ataima pa kona. Ukadutsa, ukafuna kusiya udzasiya. Gona."

Atuweni anagona. Pansi pa chikhato chake Fyness ankamva minofu ikugwira ntchito, kumanzere, kumanja, kumanzerenso. Itayamba kuuma, anakanikiza dzanja n'kunena zomwe amauza nkhalamba zake: "Puma. Ndili pompano. Tiye." Tsiku limenelo sanadutse, koma mkati mwa sabata anadutsa, ndipo pofika tsiku lonyamuka Fyness anali ataloweza mpita wonse ndi dzanja, iye amene sanauonepo ndi maso.

Fyness anasinthana mashifiti ndi mnzake n'kupita ndi Atuweni ku Norway, atavala majuzi atatu ndi chitenje pamwamba pa jekete. Atafika paphiripo anayang'ana kumtunda. Mpitawo unkatsika pakati pa mitengo, woyera mbuu, ndipo pa kona yaikulu ija khoma la ayezi linali lalitali kuposa nyumba yawo ya ku Braunstone. Anapempha kuti aime pomwepo. Mtsikana woyamba atadutsa, Fyness sanaone munthu. Anangomva kugunda ngati sitima ikubwera, china chake chinang'anima chopachikika pakhoma, kenako zii. Pabalaza paja ankakankhira mwana wake ku chinthu ichi?

Anamva dzina la Atuweni pa chimkuzamawu, ndipo sanathe kuyang'ana. Anatseka maso, dzanja lamanja litatambasuka pa mpanda wachitsulo wozizira, ndipo dzanjalo linayamba kuyenda ulendo womwe linkaudziwa. Kumanzere. Kumanja. Kumanzerenso. Kugunda kuja kunayambira kumtunda, kukukula, mpanda ukunjenjemera, ndipo pamene dzanja linafika pamalo paja, phokosolo linafikanso. Fyness anakanikiza chitsulo chija.

"Puma. Ndili pompano. Tiye."

Anatsegula maso. Mwana wake anali pakhoma pamwamba pa mutu wake, atawongoka ngati muvi, ndipo asanaphethire anali atatsika bwinobwino n'kuzimirira kumunsi. Fyness analira poyera pakati pa azungu osawadziwa. Mantha analipo, koma chimene chinamuliza n'chakuti anali asanaonepo chinthu chokongola chotero, ndipo chinthucho anachibereka yekha.

Atuweni anapeza malo m'timu. Kumapeto kwa mpita anavula chipewa, mphuno ikutuluka mamina, n'kukumbatira mayi ake. Ndipo mwana uja wa Chichewa cha m'makutu anayankhula m'chinenero cha mayi ake, mopotoza koma momveka.

"Amayi, dzanja lanu ndinalimva."

Fyness akadayendabe ngati bilimankhwe popita kokwerera basi, ndipo akadapempherabe kuti tsiku lina mwanayo adzasiye. Koma Atuweni akabwera ku kampu n'kugona pabalaza, mayi ake amasuntha okha tebulo, n'kugwada.