Benchi ya Odwala Ili Kuseri, Padzuwa

Kuti dokotala wa khungu aone chilonda cha achimwene anga, ndinachita kunama kuti akukwatira. Munthu wa mkazi ndi ana anayi, mkulu wa mpingo. Sindikupepesa ayi. Ndikungofuna mudziwe zimene zikuchitika pa chipatala china cholipira cha kwathu kuno, cha m'mbali mwa msewu pakati pa Chonde ndi Boma. Dzina sinditchula. Eni ake akudzidziwa, ndipo awerenga, poti pafoni ndiye sachokapo.

Achimwene angawa, a Lufeyo, ndi achialubino. Amakonza njinga pa Limbuli, pansi pa mtengo wa mango, chipewa chachikulu kumutu, malaya a manja aatali ngakhale kutenthe bwanji. Maso awo saona bwino, ndiye magalasi sawavula. Pamwamba pa khutu lakumanzere, pamene pamatsamira mwendo wa magalasi, panatuluka kachilonda. Kankachita nkhanambo, nkhanambo n'kugwa, magazi n'kutuluka, n'kuyambiranso. Ku chipatala chaching'ono cha kwathu anawapatsa mankhwala opaka kawiri. Ulendo wachitatu anatiuza chilungamo kuti ichi chikufunika wodziwa za khungu, ndipo tisazengereze. Mnzanga amene timagulitsa naye nanazi pamsika ndi amene anandiuza kuti pa chipatala cholipirachi pamabwera katswiri wochokera ku Blantyre, Loweruka loyamba la mwezi uliwonse.

Tinapita. 6 koloko m'mawa tinali pageti, phiri lidakali m'nkhungu. Mlonda anatiyang'ana kumapazi, kenako kumutu.

"Mwabwera odwala kapena mwabwera za khungu?"

Ndinati tabwera odwala khungu.

"Ndiye zungulirani kuseri."

Chipatalachi chili ndi makomo awiri. Lakutsogolo ndi lagalasi, lomatidwa zithunzi za azimayi osalala nkhope. Mkati muli masofa, fani ndi kanema. Kumeneko amachotsa ziphuphu, madontho ndi zipsera, ndipo wofuna kuyera amamuika diripi. Khomo lakuseri ndi lamatabwa, pafupi ndi thanki ya madzi. Pali benchi imodzi yaitali ndi kawindo kolipirira. Denga palibe. Dokotala wa makomo onse awiri ndi mmodzi yemweyo.

Tinalipira K15,000 ya khadi, natipatsa nambala 4. Patsogolo pathu panali mwamuna wina wongokanda osalankhula, mayi wothyola tiyi amene manja ake anali atang'ambika m'mizere, ndi agogo ena aakazi a miyendo yotupa, yokulunga nsanza.

Mthunzi wa khoma unatisunga mpaka cha m'ma 9 koloko, kenako unachoka. Inu amene muli ndi m'bale wachialubino mukudziwa chimene dzuwa limachita pakhungu lake. Ndinavula chitenje chapamwamba n'kuwafunditsa achimwene ngati nthochi zoti zipse. Kenako ndinapita pakawindo kukapempha kuti akadikirire mkati, ngakhale pansi pakona.

Mayi wapakawindo sanadzutse mutu. Anati mkati ndi mwa makasitomala. Ndinafunsa kuti nanga ifeyo ndife ndani. Anati ndife mapeshenti. Ndinafunsa kusiyana kwake. Anati kasitomala amabukitsa nthawi yake, peshenti amadikira mpata.

Ndinazungulira kutsogolo kukafuna mthunzi wina. Ndili komweko panafika galimoto, n'kutsikamo mkwatibwi ndi omuperekeza asanu, akuti chinkhoswe chinali sabata yotsatira. Mlonda uja anathamanga ndi ambulera. Ambulera, abale. Kuchokera pagalimoto kufika pakhomo ndi pafupi poti ngakhale mwana wokwawa afika. Anaphimba anthu amene abwera kudzalipira kuti ayere, woyera kale akupsa kuseri. Ndinabwerera pabenchi mtima ukuwira.

"Chemwali, khalani pansi," anatero achimwene m'kati mwa chitenje muja. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Nkhonoyo tinaidekhera mpaka 2 koloko. Pabenchi analowa munthu mmodzi yekha, wokanda uja. Kenako tinamva galimoto ikulira kutsogolo, dokotala akubwerera ku Blantyre. Mayi wapakawindo anati tibwerenso mwezi wamawa, ndipo tisadandaule, khadi yathu idzagwirabe ntchito. Anayankhula ngati akutipatsa basela. Pofika kunyumba khosi ndi kuseri kwa manja a achimwene zinali zitachita matuza.

Mwezi wachiwiri tinalawirira kwambiri, titanyamula ambulera yathuyathu. Tinapeza mayi wothyola tiyi uja atafika kale, ife tinali nambala 2, agogo aja nambala 3. Chilonda chinali chitakula ngati ndalama yachitsulo, chikutuluka madzi. Mwendo wa magalasi achimwene anali ataukulunga kansalu kuti usamakhule. Tsiku limenelo kutsogolo kunali azimayi a diripi ndi mnyamata wina wodandaula tiziphuphu ta ndevu. Namwino atadutsa ndi beseni ndinamugwira mkono kuti angoyang'anako. Anayang'ana ali chapatali, n'kunena kuti asamakande.

Ena mufunsa kuti bwanji sitinangokwera minibasi ya ku Blantyre. Funso labwino, ndipo limandisowetsa tulo. Koma tinali titalipira kale, dokotala tikumuona ndi maso athu pawindo, ndipo nthawi iliyonse ndikafunsa ankati tatsala pang'ono kulowa. Munthu akakhala nambala 2 sachoka pamzere.

Mayi wothyola tiyi analowa cha kumasana, n'kutuluka asanatenthetse n'komwe mpando, kapepala kali m'manja. Galimoto inaliranso kutsogolo. Mayiyo akumanga chitenje kuti azipita anandiseka.

"Mayi, apa sabwera ndi matenda. Apa amabwera ndi ukwati."

Iye ankangocheza. Ine ndinazitenga.

Ndinagulitsa mbuzi. Mkati mwa sabata ndinavala diresi yanga ya paukwati wa mwana wa achemwali, n'kubwereka wigi, n'kukalowera khomo lagalasi. Pakauntala ndinapeza mayi yemwe uja wapakawindo. Mpando wake ndi wozungulira, akatembenukira uku ali pakawindo, akatembenukira uko ali pakauntala. Sanandizindikire, poti pakawindo amangoona manja opereka ndalama. Ananditcha madamu. Ndinati achimwene anga akukwatira, koma ali ndi kachipsera pakhutu kamene kadzaononge zithunzi. Anati zimenezo ndi zazing'ono kwa dokotala wawo, anandiuza K45,000, n'kundifunsa kuti nthawi yotikomera ifeyo ndi iti. Ndinatsala pang'ono kuyang'ana kumbuyo kuti mwina akufunsa wina.

Vuto linali achimwene.

"Chemwali, ine Lamulungu ndimaima kutsogolo kwa mpingo. Ndikanene bodza ine?"

"Inu musakanene kanthu, achimwene. Munamuona kuti mkwati akudziyankhulira yekha? Amayankhula ndi ankhoswe. Ankhoswe ndine."

Anayang'ana akazi awo kuti mwina awathandiza kukana. Alamu anga anali atayamba kale kupemerera makala a m'simbi.

"Pitani mukakwatire, bambo a Chikondi," anatero akusita jekete. "Bola mubwere ndi mankhwala."

Loweruka loyamba la mwezi wachitatu tinafika 10 koloko, nthawi yosankha tokha. Achimwene ali mu jekete ndi tayi, chipewa chomwe chija, chilonda chomwe chija, chikununkha kuposa kale. Mlonda anaona tayi.

"Za khungu, bwana?"

Amene anavomera ndine. Ambulera ija inatiphimba mpaka pakhomo. Mkati anatikhazika pa sofa, fani ikutiwomba, n'kutipatsa zakumwa zozizira. Achimwene anangomwa kawiri, dzina lawo n'kuitanidwa.

Chipinda cha dokotala chili ndi zitseko ziwiri, china cha kumasofa, china cha kubenchi. Bedi ndi limodzi, nyali ndi imodzi. Dokotala anaimirira n'kupereka moni wa manja awiri.

"Akwati ndi awa? Zabwino zonse, bambo. Tiyeni tione kachipserako."

Anawavula magalasi, n'kuchotsa kansalu. Kumwetulira kunathera pomwepo. Anavala magolovesi, anayatsa nyali, anawagwiragwira m'khosi m'munsi mwa khutu. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mayi, ichi si chipsera. Mwachedweranji chonchi? Vuto lanu anthu inu ndi lomweli, mumasunga matenda kunyumba mpaka afike poipa. Mukanabwera miyezi iwiri yapitayo bwenzi tikukamba zina."

Sindinakuwe. Ndinaimirira, ndinapita pa chitseko chamatabwa chija n'kuchitsegula. Kuwala kwa dzuwa kunalowa m'chipindamo. Anthu apabenchi onse anadzutsa mitu, aliyense akuganiza kuti nthawi yake yakwana. Agogo a miyendo aja analipo, atafunda thumba kumutu.

"Tinabwera, adokotala. Miyezi iwiri yapitayo tinakhala apo, pafupi ndi thanki. Mwezi watha tinakhala apa. Khadi ndi iyi."

Anaiyang'ana khadiyo kutsogolo ndi kumbuyo. Anati iye amaona amene amulowetsera, za mzere ndi za eni chipatala. Mwina ndi zoona. Koma windo la chipindacho layang'ana pabenchi penipeni, ndipo katani palibe.

Anatilembera kalata yoti tikaonekere ku chipatala chachikulu ku Blantyre Lolemba lomwelo, osazengerezanso. Potuluka, mayi wapakauntala anandifunsa ngati sitikatengerakonso mkwatibwi mafuta oyeretsa, akuti anali otsitsa mtengo mwezi umenewo.

Ku Blantyre anadula kanyama n'kukayeza. Ndi khansa ya pakhungu. Sabata yatha achimwene anawadula khutu lonse lakumanzere, ndipo za m'khosi tikudikirabe kumva. Ine sindine dokotala, ndimagulitsa nanazi. Sindikudziwa ngati miyezi iwiri ija ikanapulumutsa khutu. Amene ananena kuti bwenzi tikukamba zina ndi dokotala wawo yemwe, ine ndangobwereza.

Inu amene mukufuna kusalala nkhope, salalani, ndalama ndi zanu, ndilibe nanu mlandu. Mlandu wanga uli ndi eni chipatala. Ndiye ndifunse. Mukamalandira ndalama ya khadi kwa munthu nambala 4, mukudziwa kuti dokotala aona mmodzi yekha, chimene mwamugulitsa n'chiyani, malo apabenchi? Pa chipatala chonse cha khungu palibe amene akudziwa kuti wachialubino sakhazikidwa padzuwa? Malata atatu ophimba benchi akuposa mtengo wa sofa? Chinavuta n'chiyani kuti namwino azituluka m'mawa n'kuyang'ana anthu apabenchi mmodzimmodzi, kuti amene chilonda chake sichingadikire alowe msanga? Ndipo ngati odwala simukuwafuna, bwanji osangochotsa mawu akuti chipatala pachikwangwani n'kulemba kuti saluni? Bwenzi tonse titakwera minibasi tsiku loyamba lomwelo.

Kwa inu anzanga, makamaka amene muli ndi m'bale wachialubino: chilonda chikakana kupola, musadekhe ngati ife. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma pa chipatala chimenecho yambani mwafunsa kuti chitseko chake ndi chiti. Akakuuzani kuti zungulirani kuseri, tulukani pageti mukafune thandizo kwina tsiku lomwelo.

Dzulo ndinapita kukawaona achimwene. Ndinawapeza pakhonde, mutu uli m'bandeji, akudula chubu chakale cha njinga ndi lumo. Ndinaganiza kuti ayambanso ntchito, ndipo ndinafuna kuwakalipira. Sinali ntchito. Magalasi alibenso pokolowekera mbali imodzi, ndiye amadula mphira woti uzizungulira kumbuyo kwa mutu. Anandipatsa kuti ndiwamangire. Ndinalira ndi ukali, ndisakubisireni. Iwo anangogwedeza mutu kuyesa ngati magalasi agwira.

"Agwira," anatero. "Koma chemwali, agogo a miyendo aja. Analowa?"

Eni chipatala, yankhani ndinu. Loweruka likubwerali ndi loyamba la mwezi, ndipo ine ndidzakhala pabenchipo ndi ambulera, pafupi ndi agogowo, mpaka mudzatsegule chitseko.