Pasiwedi Imene Mng'ono Wanga Anabwereketsa

Mng'ono wanga analowa ntchito pachipatala chachikulu ngati wotayipa makalata. Sukulu sanapite nayo patali. Makompyuta atabwera, anzake ankawalambalala, koma iye ankatsalira nthawi ya nkhomaliro n'kumawerenga mabuku onenepa amene amisiri oika makinawo anasiya m'katoni. Loweruka ankabwera kwanga ndi timapepala, kudzafunsa ine mkulu wake, mphunzitsi wa ana aang'ono, mawu amene sindinawamvepo chibadwire.

Patapita zaka, iye ndiye ankasamala detabesi, nkhokwe ya m'kompyuta mmene munali dzina la wodwala aliyense, matenda ake ndi mankhwala amene analandira. Chipinda chake chinali kumapeto kwa khonde, chopanda zenera, chozizira mpaka m'mafupa. Ankavala juzi kunja dzuwa likuswa mtengo. Onse ankamutchula Amayi a Seva, chifukwa makina osunga nkhokweyo, otchedwa seva, ankawalera ngati khanda. Asanamwe tiyi ankayamba waona ngati malo osungira sanadzaze, ngati makinawo sakutentha, ndiponso ngati kope la dzulo la nkhokweyo lasungika. Kopelo ankaliyesa pa seva ina yoyeserera.

"Achemwali," ankatero, "kope limene sindinaliyese ine sindiliwerengera."

Zaka khumi ndi zinayi kalata yake ya ntchito inkanenabe kuti ndi wotayipa. Udindo wa woyang'anira detabesi utalengezedwa, anati akufuna wa digiri. Anautenga bambo wina wa tayi, amene anamwino anamutcha Adigiri. Mkulu wa chipatala anauza mng'ono wanga kuti awaphunzitse ntchito bambowo, ndipo akakhazikika, iye adzalembedwa kukhala wachiwiri wawo. Anabwera kwanga akusekerera ngati mwana. Wachiwiri! Tinaphika tiyi wamkaka.

Tsiku lachitatu, akaunti ya Adigiri inali isanatsegulidwe, fomu idakali pa desiki ya abwana.

"Amayi a Seva, tandibwerekani pasiwedi yanu ndiyese kanthu."

"Pasiwedi sabwerekana, bambo. Kodi mswachi mumabwereka?"

"Ndiye ndizingowerenga matailosi? Paja bwana muno ndani?"

Mng'ono wanga anaganiza za kalata yodzamulemba kukhala wachiwiri ija, nawatayipira pasiwediyo. Anawaonetsa mawindo awiri pa sikirini. Lobiriwira linali la seva yoyeserera, lofiira la seva yeniyeni. Mitunduyo anaiika yekha kalekale, podziwa kuti dzanja limathamanga kuposa maso.

"Lofiirali musalikhudze," anatero, n'kutuluka, poti anaitanidwa kogawira mankhwala.

Adigiri anaona kuti kufiirako kukuwawawa m'maso, nayeretsa mawindo onse awiri. Kenaka analamula makina kuti afufute zolemba zamankhwala, poyesa kuti ali koyeserera. Inali teni koloko m'mawa, odwala ali pamzere mpaka pabwalo. Sikirini ya wogawa mankhwala inangoti mbee.

Mng'ono wanga sanakalipe. Anavula nsapato, nakhala pampando, n'kubwezeretsa kope la dzulo. Zam'mawa umenewo anazitayipanso yekha kuchokera pa timapepala ta madokotala. Pofika wani koloko mzere unayamba kuyenda.

Komiti inakhala Lolemba. Adigiri anati iwo ankangoonerera, poti akaunti analibe. Mkulu wa chipatala anafuna kaundula amene makina amalembamo aliyense wochita kanthu. Wodziwa kumutulutsa anali mng'ono wanga yekha. Mzere woipawo akanatha kuufufuta, njira ankaidziwa, koma anasindikiza pepalalo monga linalili. Pa ola la tsokalo panali dzina lake. Anafotokoza zonse mwaulemu, manja ali pamiyendo.

"Ndiye mukuvomera kuti munapereka pasiwedi?" anafunsa mkuluyo.

"Ndinapereka, bwana. Anandilamula."

"Mayi, lamulo loletsa zimenezi analemba ndani?"

"Ndine."

"Basi, tatha."

Za Adigiri sanafunsenso. Anati chipatala sichingataye munthu amene changomulemba kumene, ndipo pepala silikumutchula. Mng'ono wanga anamubweza kutsogolo, pa kawindo kolembera mayina a odwala pa makadi, kumene anakhala mpaka tsitsi linayera. Ndikadutsa pa kawindoko lero, ali kumanda iye, ndimayang'ana kumbali.

Chimene sindimakhululuka n'cha madzulo a Lolembalo. Mng'ono wanga akulongedza kapu ndi juzi yake m'jumbo, Adigiri anaima pakhomo akukanda kumutu. Abwana anawauza kuti atseke akaunti ya mayiyo lisanathe tsiku, ndipo sankadziwa poyambira.

"Amayi a Seva, pepani, kodi amadina pati?"

Mng'ono wanga anaika jumbo pansi, nawakokera mpando. Anawauza mawu amodziamodzi, iwo akutayipa ndi zala ziwiri, ndipo atalakwitsa dzina lake anawakonzera.