Pepala limene Indebwana anasaina

Inu amene mukuti zanu zada, khalani pansi ndikuuzeni za Indebwana.

Chaka chake chachiwiri m'ndende, mlamu wake anabwera kudzamuona. Sanakhale n'komwe pabenchi.

"Achemwali tinaika Lachiwiri. Mwana ndatenga ine. Ndipo alamu, makalata musiye, kusukulu akumunena kuti mwana wa mbava. Iyenso wayamba kukhulupirira."

Bambo uja anabwerera m'selo ya anthu makumi anayi, nakhala pamalo pake pafupi ndi ndowa ya zonyansa. Mkazi wapita, ndipo mwana mmodzi yekhayo akumuyesa wakuba. Icho ndicho chinamudya mtima.

Koma munthuyu sanabe kanthu, ndikunenetsa. Anali mlendo wolankhula Chifalansa, wonyamula katundu pasitolo ya zitsulo. Tsiku lina masanasana achifwamba analowa ndi mfuti, namulamula kuti awanyamulire makatoni mpaka pagalimoto. Apolisi atamugwira ankamufunsa m'Chingerezi. Tsono kwawo anamulera kuti wamkulu akalankhula sunena kuti sindinamve, umavomera. Funso lililonse iye, "Inde bwana." Pepala analandira ndi manja awiri, nasaina. Kukhoti chimodzimodzi. Ulemu umenewo unamupatsa zaka zisanu ndi ziwiri, komanso dzina limene akaidi anzake ankamuseka nalo.

M'selomo munali mkulu wina, kale kalaliki wa kukhoti, wolusa ngati mavu. Atawerenga mapepala a mlanduwo anapukusa mutu.

"Iwe, unasaina kuti ndiwe accomplice, wothandiza akuba. Chonsecho unali witness, mboni chabe. Unadzimanga wekha, chitsiru iwe!"

"Ndiphunzitseni, bambo."

Anayamba ndi kapensulo kotha ndi mapepala okutira sopo. Thief amaba mwakachetechete. Burglar amathyola nyumba. Robber amalanda moopseza. Suspect akungoganiziridwa, pomwe convict khoti lamupeza wolakwa. Pambali pa liwu lililonse ankalemba la Chifalansa. Akalakwitsa, kalaliki ankamugogoda ndi supuni pamutu.

Kawiri konse oyang'anira ndende anamulanda mapepalawo pachipikisheni, pofufuza m'maselo, n'kuwatentha. Kawiri konse anayambiranso. Kalaliki uja anadwala chifuwa, namwalira atagona pafupi naye. Indebwana anapitiriza yekha.

Analemba kalata yopempha kuti mlandu wake aunikenso. Zii. Yachiwiri, zii. Yachitatu inabwerera yosatsegula. Yachinayi ndiyo inamuimika pamaso pa woweruza, atawonda, mano ena atagweluka.

Woweruza anakweza pepala lakale lija. "Kodi mawu awa ndi anu?"

Pakamwa panali pakufuna kale kuvomera. "Ayi, bwana," anatero m'Chingerezi, nafotokoza zonse yekha, mpaka za mfuti imene achifwamba anamuloza nayo pakhosi.

Woweruza anamupeza wosalakwa. Anatuluka m'ndende atakhalamo zaka zisanu. Ntchito kunalibe, manda a mkazi wake atamera thengo. Anapempha kachipinda kuseri kwa ometa tsitsi, nayamba kuphunzitsa anzake olankhula Chifalansa mawu omwe aja. Wophunzira watsopano aliyense amamupatsa pepala ndi cholembera n'kumuuza mwaukali kuti saina apa. Ambiri amasaina, abale inu! Ndiye amawaonetsa zibowo za mano zija, n'kuwauza kuti siginecha yake inamutengera zimenezo.

Kwa mlamu wake sanapite kukakangana. Anangotumiza chigamulo cha khoti mu envelopu.

Patatha miyezi itatu, mtsikana wa yunifolomu anaima pakhomo la kachipindako, envelopu ili m'manja. Nkhope yake inali ya malemu mayi ake. Analoza liwu limodzi papepalapo, lonena kuti ndi wosalakwa.

"Ababa, ndiye kuti simunabe?"

"Sindinabe, mwanangu."

Misozi imene inakana kutuluka tsiku la uthenga wa maliro lija inatuluka pamenepo, ophunzira onse akuona.

Zaka zisanu zija palibe anamubwezera, mkazi wakenso sanadzuke. Koma mwana wake anamutchanso ababa. Inunso kaya kalata yanu yachitatu yabwerera yosatsegula, lembani yachinayi. Osataya mtima, ndipo chimene simunamve musavomere, ngakhale wofunsayo akhale wamkulu bwanji.