Shire wa Kuseri kwa Nyumba Yathu ku Makokoba

Ndikukumbukira tsiku limene ndinakumba mtsinje wa Shire kuseri kwa nyumba yathu ku Makokoba, mumzinda wa Bulawayo. Ndinali giredi sikisi, kamtsikana kamakani kosamva za munthu.

Aphunzitsi anali atatiuza kuti kalekale nthaka ya ku Malawi inang'aluka, pakati panatitimira, m'mbali munatsala mapiri, ndipo Shire anangotsata mng'aluwo. Akuti mtsinje susankha njira, umapita komwe nthaka inathyokera. Anzanga Achindebele anandiseka kuti kwathu n'kong'aluka. Zinandiwawa, ngakhale kwathuko ndinali ndisanapondeko.

Ndinati ndidzionere ndekha. Ndinatenga khasu la amayi n'kukumba mng'alu kuyambira pomwe madzi a padenga ankagwera, dothi ndikuunjika m'mbali kuti akhale mapiri. Zoti mng'aluwo wathera pakhomo la kuseri sindinazione.

Mvula inagwa masana omwewo, yamkuntho. Aphunzitsi sananame ayi. Madzi ofiira anatsata mng'alu wanga bwinobwino, n'kulowa pansi pa chitseko mpaka kunsi kwa bedi. Kumeneko kunali sutikesi ya yunifomu yoyera ya bambo, yositasita kale, yoti akavinire beni Lamlungu. Bambo ndiwo ankatsogolera gulu la beniyo, ndipo yunifomuyo ngakhale amayi ankaigwira atasamba m'manja.

Bambo atabwera kuchokera kufakitale ku Donnington anatuluka nayo buluku ikudontha, itafiira ngati tiyi.

"Iwe, n'chiyani ichi?"

"Ndi Shire, bambo."

Ndinafotokoza za mng'alu ndi mapiri. Anayang'ana mng'alu wangawo, kenako anatola khasu. Ndinati basi, lero ndafa.

"Wanama," anatero. "Shire sawongoka ngati njanji. Akadutsa ku Liwonde amakhota chonchi."

Anakumba okha, nsapato za kuntchito zikumira m'thope, akutchula midzi ndi madooko amene anali asanawaonenso kwa zaka makumi atatu. Shire anakhotadi, n'kukasefukira m'dimba la amayi la repu. Tinakalipidwa tonse awiri, titaima pamzere.

Lamlungu bambo anavina ndi yunifomu yofiirira, anzawo akuwafunsa ngati anagona m'ngalande.

Lero kuseri kuja anathirako simenti, ndipo ana anga mapu amaonera pafoni. Bambo tinawaika konkuno ku Bulawayo asanabwererenso kwawo. Ine ndinakafika ku Liwonde ndili kale ndi imvi. Ndinaima pamlatho, n'kuona mtsinje ukukhota monga linakhotera khasu m'manja mwa bambo. Ndinaseka ndekha ngati wamisala, kenako ndinalira.