Mayi Perpetua Mokudef, amene anadikira chisankho mpaka kufa

Akhristu anzanga a parishi ya Upi, abambo mfumu andipempha kuti ndilembe za mayi Perpetua Mokudef modekha. Ndiyesetsa, ngakhale mtima ukuwira.

Mayiwa anabadwira m'mapiri muno, m'banja la mtundu wathu wa Ateduray, olima chimanga. Ali mtsikana anathawa nkhondo n'kudzabisala m'tchalitchi chathuchi, ndipo kuyambira pamenepo sanachokenso pakhomo pa Mulungu. Amuna awo, bambo Eusebio, anamwalira akulimbana ndi odula mitengo amene analanda munda wa makolo awo. Ana anawalera okha, osadandaula.

Chigawo chathu cha Bangsamoro chitapatsidwa nyumba yakeyake ya malamulo ku Cotabato, iwo anati pemphero layankhidwa, za malo sizidzadikiranso boma lalikulu la ku Manila. Aphungu oyambawo anali ochita kuikidwa, podikira chisankho. Misa ikatha, mayi Perpetua ankatitsekera pakhomo n'kumatiphunzitsa kavotedwe: voti imodzi ndi ya chipani, ina ndi ya woimira dera, ndipo pali mipando yosungira ife eni nthaka. Ena tinkazembera pakhomo la kumbali. Ankatipeza kumsika.

Nkhani ya malo a makolo italowa m'nyumba ya malamuloyo, ankakwera galimoto mpunga uli m'tsamba la nthochi, kukamvetsera. Pobwera ankatifotokozera kuti lamulo amaliwerenga koyamba, n'kulitumiza ku komiti, komitiyo n'kufunsa anthu, kenako n'kuliwerenganso. Ine ndinati kumeneko n'kutizengereza chabe.

"Achemwali, inu mumakolola chimanga tsiku lodzala?" anandifunsa.

Koma chisankho anachiimitsa. Anaika tsiku lina, nalonso analisuntha. Apa ngakhale mayi Perpetua anatopa. Ndinawamva ndi makutu anga akuuza Ambuye pamaso pa guwa kuti, "Inu muli ndi muyaya, ine ndili ndi nyamakazi." Atatero anawapempherera aphungu onse, Asilamu ndi Akhristu omwe, monga ankachitira Lamulungu lililonse.

Matenda atakula, abambo mfumu anadzawadzoza. Mayiwa anasonkhanitsa ana awo n'kuwalumbiritsa kuti tsikulo likadzafika akavote, ngakhale mvula igwe yotani, ndipo asadzagulitse voti ndi thumba la mpunga. Anapuma m'mawa mwake, korona ali m'manja. Mundawo sanaupondenso, votiyo sanaiponye.

Tsono pa maliro, munthu wina wofuna uphungu, amene mayiwa ali moyo sanawapatsepo moni, anatumiza chinsalu chotchingira mvula. Pachinsalupo panali nkhope yake yaikulu ikumwetulira, kuti olira tizimuyang'ana. Ine ndinati tichibweze. Mwana wawo wamkulu, Consolacion, anakana, poti mvula inali itayamba ndipo okalamba akananyowa.

"Tichimange ndithu," anatero, "koma nkhopeyo iyang'ane kumwamba. Amayi akanati Mulungu amuone bwino ameneyu."

Tinachimanga chotero, n'kuyamba nyimbo. Mzimu wawo uuse mumtendere. Ife otsalafe, tsikulo likafika, tikaime pamzere.